ZA PA KHOMO PATHU: Galu Wokalamba Akagwidwa ndi Chifuwa

Nyengo ya chisanu yatipezanso, ndipo monga mwa chaka ndi chaka chifuwa chalowa m'nyumba zambiri. Mwezi uno sitinena za chifuwa cha ana kapena cha agogo, pakuti za chimenecho a ku chipatala akuphunzitsani kawirikawiri. Tinena za uja agona pa khonde, amene adalondera khola la mbuzi zaka khumi, napirikitsa afisi usiku ndi anyani ku munda, koma tsopano imvi zamera pa mlomo pake, maso achita mtambo, ndipo miyendo ya m'mbuyo imlemera podzuka. Galu wotere akayamba kutsokomola usiku, eni ake ambiri angoti, wakalamba ameneyo, natembenuka pa mphasa kupitiriza tulo. Makolo adati galu wamkota sakandira pachabe. Ife tionjeza kuti satsokomolanso pachabe.

Galu akafika zaka 8 kapena 10 ali m'gulu la nkhalamba, ndipo agalu a msinkhu waukulu akalamba msanga kuposa aang'ono, ena pa zaka 7 zokha. Thupi lake pa nthawi imeneyo lifanana ndi nyumba imene chiswe chadya nsichi zake: mphepo imene nyumba yatsopano siimva konse ikhoza kugwetsa iyi. Mwa agalu okalamba ambiri muli kale nthenda ina yobisika chifuwa chisanadze. Wina mtima wake wafooka, wina impso zake zatopa ndipo amwa madzi ambiri nakodza pafupipafupi, wina mano ake aola, wina nkhupakupa zamchepetsa mwazi. Chotero chifuwa chimodzimodzicho chimene kagalu ka zaka ziwiri kadutsa nako kosaleka kusewera, chikhoza kupha nkhalambayo m'sabata imodzi.

Tsono kutsokomola kwa galu sikuli nthenda imodzi, ndipo apa mpamene anthu abwino mtima aononga chiweto chao pofuna kuchithandiza.

Chilipo chifuwa chopatsirana, chimene galu atenga kwa anzake, makamaka m'nyengo imene agalu atsatana m'magulu pambuyo pa wamkazi. Chioneka patapita masiku 3 kufikira 10 chikumanirane nao. Mau ake ali ouma ndi okweza, ngati kulira kwa tsekwe, ndipo potsiriza galu achita ngati afuna kusanza, nalavula thovu loyera pang'ono, kotero kuti woona ayesa kuti watsamwa ndi fupa. Tizilombo tochititsa nthendayi ndi ta mitundu ingapo, koma kodziwika koposa asing'anga akatcha Bordetella bronchiseptica, ndiko kam'bale ka kachilombo kaja kobweretsa chifuwa chokoka mtima kwa ana athu. Galu wamphamvu adya bwino ngakhale atsokomola, nachira pa sabata imodzi kufikira zitatu. Mwa wokalamba chikhalitsa, ndipo choopsa nchakuti chitsika kuchoka ku m'mero kulowa m'mapapo, chisanduka chibayo.

Chibayo chikalowa, galu asinthiratu. Aleka kudya, agona tsiku lonse, thupi litentha, mamina achikasu kapena obiriwira atuluka m'mphuno, ndipo kutsokomola kuja kokweza kusanduka kwapansipansi ndi konyowa. Pano tichotse chikhulupiriro china chofala: mphuno youma kapena yonyowa siuza kanthu za kutentha kwa thupi. Ndiponso galu wabwinobwino atentha kuposa munthu, pakuti munthu akhala pa madigiri 37 pamene galu akhala pakati pa 38 ndi 39, zikapitirira 39.5 ali m'mthunzi, pamenepo mpamene tinena kuti wadwala. Chibayo chidza ndi njira inanso. M'mero mwa galu wokalamba mufooka, ndipo chakudya kapena madzi alowa njira ya mpweya. Chifukwa chake tikupemphani, inu amayi amene chifundo chanu tichidziwa, musamkanule kukamwa ndi kumthira phala kapena mankhwala a zitsamba ndi botolo. Ambiri aika okha chibayo m'mapapo mwa galu wao ndi dzanja lofuna kuchiza.

Koma chimene tifuna kuchedwapo ndicho chifuwa chochokera ku mtima, pakuti ichi chibisala bwino, ndipo chichuluka mwa agalu okalamba, makamaka a msinkhu waung'ono ndi wapakati. Mtima wa galu uli ndi zipinda zinayi monga wathu, ndipo pakati pa zipindazo pali tizitseko ting'onoting'ono toletsa mwazi kubwerera kumene wachokera. Popita zaka kachitseko ka ku mbali ya kumanzere kakhuthala nikapindika, ndipo sikatsekanso bwino. Mtima ukapopa, mwazi wina upita m'thupi monga uyenera, koma wina udontha kubwerera m'mbuyo. Mtima uyesa kulipira chotayikacho pogwira ntchito yoposa, nukula. Pokula upanikiza njira ya mpweya imene idutsa pamwamba pake, ndipo galu atsokomola. Izi zikhoza kukhala chomwecho zaka zingapo galu ali kudya ndi kuuwa. Tsiku lina mtima ulephera kuchotsa mwazi wonse wochokera ku mapapo, ndipo madzi ayamba kuchucha kulowa m'timatumba ta mpweya. Galu wotere amira ali pa mtunda.

Zizindikiro zake nzoti mwini wake akhoza kuziona ngati apenyetsetsa. Galu amene kale anatsogola popita ku munda tsopano atsalira m'mbuyo, nakhala pansi pakati pa njira. Atsokomola usiku ndi m'bandakucha, kapena akangodzuka kulonjera mbuye wake. Asinthasintha pogona, osapeza mpumulo. Wina akomoka kamphindi atathamanga, nadzukanso ngati palibe chachitika. Wina mimba itupa ndi madzi pamene nthiti ndi msana zionekera, ndipo anthu ayesa kuti ndi njoka za m'mimba.

Zilipo zifukwa zinanso zimene tingozitchula podutsa. Utsi wa zaka zambiri ukhoza kutupitsa njira za mpweya, galu natsokomola miyezi osatentha thupi. Chotupa chikhoza kumera m'mapapo, makamaka mwa wamkazi amene ali ndi zotupa m'mawere. Agalu aakulu okalamba ena kholingo lao lifooka, mau asasa, ndipo apuma mwaphokoso likatentha dzuwa. Ndipo galu amene wadya mankhwala a makoswe a mtundu uja woletsa mwazi kuundana ayamba kubanika patapita masiku 3 kufikira 5, chifukwa mwazi uchucha m'chifuwa mwake. Ameneyu achira ngati afika kwa dotolo msanga.

Mwina wina afunsa, nanga kusiyanitsa zonsezi kuli ndi phindu lanji, popeza chifuwa ndi chifuwa? Taonani. Galu wa chibayo asowa madzi m'thupi kuti makhololo afewe natuluke, ndipo akafooka dotolo amuika dilipi. Koma dilipi yomweyo ikhoza kumiza galu wa mtima wolephera. Galu wa mtima apatsidwa mankhwala okodzetsa otchedwa furosemide, ochotsa madzi m'mapapo. Koma mankhwala omwewo aumitsa galu wa chibayo, ndipo ngati impso zinali zotopa kale, azitopetsa koposa, kotero kuti muyeso wake uyenera kuikidwa ndi munthu wodziwa. Mankhwala oletsa kutsokomola apumitsa galu wa chifuwa chouma, koma atsekera mafinya m'mapapo mwa wa chibayo. Prednisolone athandiza njira za mpweya zotupa, koma afooketsa thupi polimbana ndi tizilombo, ndipo aipitsa nthenda ya shuga. Chimene chichiritsa uyu chipha uyo, ndipo mwa galu wokalamba kawirikawiri nthenda ziwiri zikhala pamodzi.

Za mapiritsi a anthu tinena mwachidule ndi molimba: musampatse. Ibuprofen atupula zilonda m'mimba mwa galu naononga impso. Panado akapitirira muyeso aononga chiwindi ndi mwazi, ndipo kwa mphaka ngakhale piritsi limodzi lipha. Makapisozi otsala a munthu amene adachira asaperekedwe kwa galu mongoyerekeza.

Nanga inu a pa khomo muchitenji? Chilipo chinthu chimodzi chosalira ndalama, chimene madotolo a ziweto a m'maiko onse achiwerengera kwambiri, ndicho kuwerenga mpweya wa galu ali m'tulo. Dikirani agone tulo tofa nato pa malo ozizira bwino. Yang'anani nthiti zake: zikakwera ndi kutsika, ndiko kupuma kumodzi. Werengani kwa mphindi imodzi yathunthu pa wotchi kapena pa foni. Galu amene mapapo ake ali bwino apuma kosafika 30 pa mphindi, ndipo ambiri akhala cha pa 15 kufikira 25. Mukapeza kopitirira 30, bwerezani patapita ola. Zikakhala chomwecho, galuyo aonedwe ndi dotolo, ndipo zikapitirira 40 aonedwe tsiku lomwelo. Musawerenge pamene ali wefuwefu lilime lili kunja, pakuti ndimo galu adziziziritsira. Ntchito iyi ipatseni mwana wa sukulu, alembe chiwerengero cha usiku uliwonse ku tsamba la kumapeto kwa kope lake. Ana aikonda, ndipo maso ao apenya bwino kuposa athu. Nambala imene ikwera pang'onopang'ono, lero 22, mawa 27, mkuja 33, iuza kuti madzi ayamba kulowa m'mapapo galu asanaonetse kuvutika.

Tukulaninso mlomo wake mofatsa, ngati ali galu wanu wozolowera ndi wolandira katemera, muone nkhama. Ziyenera kukhala zofiirira. Zikayera ngati pepala, mwazi wachepa, ndipo kuno kwathu nthenda za nkhupakupa ndizo zichita zimenezi kawirikawiri. Zikachita bii kapena ngati phulusa, mpweya sukufika m'mwazi. Galu wotere, kapena amene aima chilili khosi atatambasula, zigongono atatangadza, akana kugona pansi, napuma ndi mimba yomwe, alibe nthawi yodikira m'mawa wa tsiku la msika. Mnyamuleni pa ngolo kapena m'dengu pa njinga, musamkoke ndi chingwe, musammange pakamwa, ndipo musayende naye dzuwa lili pamutu ngati njira ina ilipo.

Tsopano mverani bwino, inu abambo, pakuti chimene chitsatira chikhudza moyo wa anthu. Tanena kuti galu wa chifuwa aoneka ngati watsamwa ndi fupa. Galu wa chiwewe aonekanso chomwecho. Chiwewe sichidza ndi ukali nthawi zonse. Chilipo cha mtundu wofatsa, chimene chilemaza m'mero ndi chibwano, galu nalephera kumeza, dovu lichucha, kamwa likhala yasa, ndipo mau asintha. Munthu wachifundo apisa dzanja m'kamwa kufuna fupalo, nalowetsa malovu pa chilonda cha chala chake. Chiwewe chikaonekera chipha galu m'masiku osapitirira khumi, chotero chifuwa cha mwezi wathunthu sichili chiwewe. Koma galu amene wayamba mwadzidzidzi kulephera kumeza, ndiponso sanabayidwe katemera kapena analumidwa ndi galu wachilendo, mtsekereni payekha, ana asamyandikire, nimuitane mlangizi wa ziweto. Amene walumidwa, kapena malovu amgwera pa bala, atsuke ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, napite ku chipatala tsiku lomwelo. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse liyerekeza kuti chiwewe chipha anthu ngati 59,000 chaka chilichonse, pafupifupi onse chifukwa cha agalu, ndipo pakati pao pali ana ambiri. M'chaka cha 2015 a Mission Rabies adabaya agalu oposa 35,000 mu mzinda wa Blantyre m'masiku 20. Ukalamba suchotsa galu pa mzere wa katemera. Akadwala kwambiri pa tsiku lake, funsani wobayayo tsiku lina loti mubwere naye.

Za kasamalidwe ka pa khomo. Agalu akonda kugona pa phulusa pafupi ndi mafuwa m'nyengo ino, ndipo ndani angawadzudzule, kukuzizira chotere ku Dedza kapena pamene chiperoni chatsika ku Thyolo? Koma utsi wa m'khitchini ndiwo mdani wa mapapo odwala. Mpezereni malo ena ofunda, otetezeka ku mphepo, muyale masaka ouma kapena bulangete lakale, kuti nthiti zake zisagunde dothi lozizira. Posesa pa bwalo, popeta chimanga, ndi pothira mankhwala a anankafumbwe m'matumba, galuyo akhale kutali. Chingwe cha m'khosi chichotsedwe, pakuti chifinya njira ya mpweya ndi kuutsa chifuwa. Ngati ayenera kumangidwa, pangani lamba wa nsalu wodutsa pa chifuwa ndi kuseri kwa miyendo ya kutsogolo. Ku uzimba asapitenso. Kukadzatentha mu Okutobala adzasowa mthunzi koposa m'mene asowera moto lero.

Madzi oyera akhale pafupi usana ndi usiku, ndipo musamchepetsere poganiza kuti ndiwo adzaza mapapo, makamaka ngati alandira mankhwala okodzetsa. Chakudya chikhale chofewa, chofunda kuti fungo limkope, chochepa koma kangapo pa tsiku: phala, dzira lophika, usipa woviika ndi wophika popanda mchere. Mchere usunga madzi m'thupi, ndipo kwa galu wa mtima ndiwo katundu woonjezera. Makombo a ndiwo za anyezi kapena adyo asapatsidwe, pakuti ziwirizi ziononga mwazi wa galu. Ngati chifuwa chili chopatsirana, mpatuleni kwa agalu ena kwa masabata awiri kapena atatu, akhale ndi mbale yakeyake, ndipo wosamalayo asambe m'manja. Pa khomo pamene pali munthu wa thupi lofooka, galuyo asamnyambite kumaso. Ndipo pamene pali wodwala chifuwa chachikulu, makhololo akwiriridwe bwino, pakuti galu akhoza kutenga nthendayo kwa mbuye wake, ngakhale sizichitika kawirikawiri.

Sitibisa kuti ndalama ndizo zivuta. M'nyumba imene fizi ya mwana isowa, nkhani ya kujambula m'chifuwa mwa galu imveka ngati nthabwala, ndipo ife sitiweruza munthu pa chimenechi. Koma pakati pa kuchita zonse ndi kusachita kanthu pali malo aakulu. Mlangizi wa ziweto wa boma wa m'dera lanu akhoza kuyeza kutentha, kumvera mtima ndi mapapo, ndi kuuza ngati pafunika mankhwala opha tizilombo. Kachitseko kodontha kaja kamveka ndi khutu lozolowera, pakuti mwazi wobwerera uchita mkokomo wake. Okhala pafupi ndi mizinda ali ndi zipatala za LSPCA ku Lilongwe ndi BSPCA ku Blantyre. Popita mutenge kope lija la nambala ndi khadi la katemera, ndipo munene zonse: zaka zake, tsiku limene chifuwa chidayamba, ngati chikula usiku kapena usana, kuchuluka kwa madzi amene amwa, ndi mankhwala ali onse amene mwampatsa kale, ngakhale a zitsamba, osachita manyazi. Mukapatsidwa mapiritsi a chibayo, amalizeni onse monga mwauzidwa, pakuti galu aoneka wochira masiku angapo mapapo asanapole.

Kwa a mtima chithandizo chilipo, ngakhale sichibweza kachitseko mwakale. M'chaka cha 2016 madotolo a ziweto a m'maiko 11 adalengeza zimene adapeza poyesa mankhwala otchedwa pimobendan pa agalu 360 amene mtima wao unali utakula koma asanayambe kubanika. Amene analandira mankhwalawo anakhala miyezi ngati 15 yoonjezera mtima usanalephere, poyerekeza ndi amene sanalandire. Koma amwedwa kawiri pa tsiku moyo wonse wa galu, chotero banja liwerengere thumba lake lisanayambe, ndipo lisaleke okodzetsa aja mwadzidzidzi poona kuti galu wapeza bwino.

Idzafika nthawi, kwa ena posachedwa, kwa ena patapita chaka kapena ziwiri, imene mankhwala sagwiranso. Galu akana chakudya masiku otsatizana, sakhoza kugona pansi chifukwa cha kubanika, achezera chilili usiku wonse, ndipo masiku oipa achuluka kuposa abwino. Pamenepo bambo ndi mayi akhale pansi napangane, osasiyira nkhaniyi anyamata. Kukamtaya ku thengo, kumpachika, kumponya m'madzi kapena kumdyetsa poizoni ndi nkhanza, ndipo lamulo la dziko lathu loteteza nyama liletsa kuzunza chiweto. Dotolo wa ziweto ali ndi jakisoni amene agoneka galu tulo m'kamphindi, mtima nuleka popanda ululu. Mfunseni ameneyo kapena mlangizi wanu. Ana auzidwe zoona, pakuti iwo ndiwo adakula naye, ndipo amene anawerenga mpweya wake usiku ndi usiku aloledwe kumtsanzika. Dzenje likumbidwe lakuya, kutali ndi chitsime, kuti afisi ndi agalu ena asafukule, pakuti mankhwala a jakisoniyo akhala m'mtembo ndipo akhoza kupha chimene chidyako. Masaka amene anagonapo atenthedwe, mbale zitsukidwe ndi sopo ndi kuyanikidwa pa dzuwa. Kagalu katsopano kadikire masabata angapo kasanalowe pa khomo, ndipo kakakwana miyezi itatu kapite ku katemera wa chiwewe.